Dainess Miti ndi Akufa Ake

Ku Msanzala ukafunsa za Dainess Miti, okalamba sayamba ndi kukuuza kuti anali mlimi wa nsawa, ngakhale kuti nkhokwe yake ya nsawa za chalimbana inkadzaza chaka ndi chaka. Amayamba ndi mau ake. Amati anali mau okhuthala, osakoma kwenikweni, oti a kwaya kutchalitchi ankamuika kumbuyo. Koma akayamba kuimba pamtondo, mkazi wodutsa ndi mtsuko pamutu ankaima mpaka khosi kumuwawa.

Anabadwila m'mudzi wa amai ake nakalambila momwemo, pakuti kwa Ansenga mwamuna ndiye amatsata mkazi. Ali mtsikana anakhalako pang'ono kusukulu ya masisitele ku Minga, kumene anaphunzila kuwelenga ndi kusoka. Atabwelela kumudzi anakwatiwa ndi a Stanislaus Daka, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankagwila nchito kumigodi namabwela pa tchuthi pokha. M'masiku omenyela ufulu Dainess anali mmodzi wa azimai ophikila anthu a chipani akamayenda m'midzi, ndipo khadi lake loyamba la chipani ankalibisa m'denga la udzu poopa amesenjala a kuboma.

Mwana wake woyamba anabadwa mu Okutobala wa 1964, sabata lomwelo limene mbendela ya atsamunda inatsika. Anthu akuvina pabwalo, iye anali chigonele m'chikuta, akumvela ng'oma patali. Mwanayo anamutcha Josiah. Kuyambila pamenepo mudzi wonse unkaitana Dainess kuti anyina Josiah, monga amaitanila Ansenga mai wa mwana, ndipo amuna ake anakhala awisi Josiah.

M'dzinja la 1968 chikuku chinalowa m'mudzi. Josiah anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku ndi kuyankha akulu, ndipo mlongo wake Mildred anali wa kubele. Josiah atayamba kupuma movutika, Dainess anamubeleka, mng'ono wake Ennie nabeleka Mildred, nauyamba ulendo wapansi wa kuchipatala cha ku Minga. Mitsinje inali yodzaza, mwakuti pena ankakhala pagombe kudikila kuti madzi atsike. Ali m'njila, Dainess anamva kutentha kumene kunkamuotcha kumsana kukuchepa. Anadziwa tanthauzo lake, koma sanamuuze Ennie. Anayendabe mpaka kuchipatala, kumene sisitele wina anamasula nsalu, nayang'ana mwanayo, namuuza zimene iye ankazidziwa kale.

Malilo atatha anthu anamuuza zimene amauza mai aliyense: kuti alimbe mtima, kuti ali ndi wina kumsana, kuti asamalile kwambili. Dainess anamvela. Anapalila, anakolola, sanatchule dzina la mwanayo mpaka chilimwe.

Akazi a kumeneko ankaimba pamtondo kuyambila kalekale. Wina ankadandaula za mwamuna wouma manja, wina za apongozi, koma mozungulila, osatchula dzina, kuti womvayo adzimvele yekha. M'mawa wina akukonola chimanga ndi Ennie ndi akazi ena, Dainess anakweza munsi nayamba nyimbo imene panalibe anaimvapo.

Ndaphika phala m'kamphika kake,
ndaika supuni ziwili, ine.
Inayo atenge ndani?
Josiah, phala lazizila.

Minsi ya anzake inaima.

"Anyina Josiah," anatelo Ennie motsitsa mau, "dzina la wakufa sitiliimba pamtondo."

Dainess anabweleza nyimboyo. Pamenepo mkazi wina, amene anaika ana ake awili chaka chomwecho, anatola munsi wake nayamba kusinja, akuvomela mau othela aja, phala lazizila. Ena anatsatila. Chimanga cha tsiku limenelo anachikonola akulila.

Nyimbo zinayamba kubwela, ndipo sizinali zotonthoza. Dainess ankaimba zinthu zimene anthu amabisa ngakhale kwa wansembe. Anaimba kuti tsiku lina anapita kumtsinje wopanda mtsuko, naima pamwala nthawi yaitali akuyang'ana pakuya, ndipo chinamubweza ndi mkaka umene unayamba kutuluka wokha m'bele, kumukumbutsa kuti Mildred sanayamwe. Anaimba kuti Lamulungu lina anagwada m'tchalitchi ali ndi mkwiyo, pakamwa pakuti ameni, mtima ukufunsa Mulungu kuti kamwana kake kanamulakwila chiyani. Anaimbanso za mwana wa Ennie, amene anali msinkhu umodzi ndi Josiah.

Mwana wa Ennie akuseka pabwalo,
mtima wanga ukuti atonthole.
Ndaipa ine, amai,
ndadana ndi kuseka kwa mwana.

Ennie analeka kubwela kumtondo. Patapita nthawi anafika pakhomo la mkulu wake, osakhala pansi.

"Ndiye kuti mumadana naye mwana wanga?"

"Ndinadana ndi kuseka kwake, miyezi yoyamba ija," anatelo Dainess. "Ndikanabisa, bwenzi ndikudana nako mpaka lelo, iwe osadziwa, ukundipatsa moni m'mawa ulionse. Ndachilavula. Tsopano akaseka ndimangomva mwana akuseka."

Ennie anaima kanthawi, kenako anakhala pamphasa natenga lichelo kuyamba kuthandiza mkulu wake kupeta.

Amene anavutika kwambili anali a Stanislaus. Uthenga wa malilo unawapeza mochedwa, ndipo anafika kumudzi manda atamela kale udzu, atanyamula tinsapato timene anagulila mwanayo asanamve. Kumigodi sanabwelelenso. Tsiku lina akudutsa pamunda wa anthu ena, anamva akazi opalila akuimba za mwamuna wotsika basi ndi nsapato za mwana m'manja, wovala palibe. Anafika kunyumba nkhope itagwa.

"Mwandivula pamaso pa mudzi wonse," anatelo. "Anthu aziti ndinathawa mwana wanga."

"Nyimboyo munaimva mpaka pothela?"

"Zimene ndinamvazo zandikwanila."

Dainess anawaimbila mbali yotsalayo chapansipansi. Inkanena kuti anawaona kuseli kwa nkhokwe, mwamuna wamtali atapindika ngati bango, tinsapato tili pachifuwa, ndipo sanawaitane chifukwa anaopa kuti akawagwila agwa onse awili.



"Ndiye munandiona," anatelo a Stanislaus.

"Ndinakuonani, awisi Josiah."

"Zanu imbani, sindikuletsani. Koma zanga muzindifunsa kaye."

Dainess anavomela, ndipo lonjezo limenelo analisunga moyo wawo wonse.

Chakumayambililo kwa zaka za m'ma 1970 kusukulu ya pulaimale ya pafupi kunabwela mphunzitsi wochokela kutali, ku Mongu, dzina lake Namakau Imasiku. Anali mai wachete, wolankhula Chinyanja mosamala ngati woponda paminga. Anamva nyimbo za Dainess kwa ana a m'kalasi mwake, ndipo Loweluka lina anafika yekha kumtondo.

"Zimene mumachitazi, amai, m'mabuku timati ndakatulo," anatelo. "Kumaiko ena kuli anthu amene amalemba chonchi, za moyo wawo weniweni, za imfa, osabisa kanthu. Koma ena mwa iwo imfayo inawakoka, anadzipha. Inu simuopa kuti mukamaitchulatchula mukuiitana?"

Funso limeneli Dainess analiganizila, pakuti nayenso linkamubwelela.

"Kuopa ndimaopa," anayankha. "Masiku ena ndikaimba ndimapepukidwa, masiku ena ndimalemedwa kuposa poyamba. Sindinganame kuti ndi mankhwala. Koma tsiku limene ndinapita kumtsinje lija ndinali ndisanayambe kuimba. Anthu a m'mabukuwo ankaimba ndi yani?"

"Ambili ankalemba ali okha m'chipinda."

"Pamenepo mpovuta. Ine ndikaponya mau, Ennie amawawakha."

Amai Imasiku anayamba kubwela kawilikawili, ndipo awiliwo anakhala mabwenzi. Tsiku lina mphunzitsiyo anaulula kuti amuna ake anamila ndi bwato pa nthawi ya chigumula kwawo, mtembo osapezeka, ndipo anapempha kusamutsidwila kutali kuti asamaonenso madzi ambili. Anapempha Dainess kuti amupekele nyimbo ya amuna akewo.

"Sindingathe, aphunzitsi," anatelo Dainess. "Sindinawaonepo nkhope, sindidziwa mmene ankatsokomolela polowa m'nyumba. Ndikaimba ndidzanama. Ine ndimaimba akufa anga okha. Anuwo muimbe ndinu."

Anamupatsa munsi. Amai Imasiku anasinja kanthawi, kenako anayamba kuimba m'Chilozi. Panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe womva chilankhulocho, koma anatola mau othela namavomela mmene anawamvela, mokhotakhota, mpaka mphunzitsiyo anaseka misozi ili m'masaya.

Ndi amai Imasiku amene anatchula dzina la Dainess pamsonkhano wokonza chikondwelelo cha 1974, pamene dziko linkakwanitsa zaka khumi za ufulu. Nthawi imeneyo chipani chinali chitatsala chimodzi, ndipo wapampando wake m'dela lawo anali a Eustace Chibwe, amene kale anali kalaliki wa khoti nakwatila konko. Sanali munthu wankhanza, koma ankaopa kwambili akuluakulu a kuboma. Anaitana Dainess namuuza kuti akonze nyimbo yothokoza, yotchula masukulu atsopano ndi msewu wa phula.

"Ndidzaimba zimene ndili nazo, a Chibwe," anatelo Dainess.

A Chibwe anali kale pa nkhani ya lole yonyamula ovina, ndipo yankholo sanalimvetsetse.

Pabwalo la ku Petauke panali anthu ngati nyelele, ana a sukulu atandandalika ndi timbendela, akuluakulu ali pamthunzi wa chisakasa. Magule atadutsa, anaitana gulu la ku Msanzala. Dainess anakana kuimba chiimile ngati wa kwaya. Anauza Ennie kuti atsitse mtondo m'lole, nauika pakati pa bwalo, nathilamo chimanga. Anthu anaseka. Iye anamanga chitenje chake cha chipani m'chiuno, nakweza munsi.

Zambia, mnzake wa mwana wanga,
munabadwa sabata limodzi.
Iwe lelo watalika,
wavala yunifolomu, wapita kusukulu.
Mnzako anatsala panjila ya ku Minga,
anazizila kumsana kwanga, chipatala chikali kutali.
Kula, Zambia, usadwale,
ndatsala ndi iwe ndi Mildred.

Kuseka kuja kunatha. Atamaliza, kwa kanthawi panalibe woomba m'manja. Kenako kumbuyo, kumene kunakhala azimai a kumidzi, kunamveka nthungululu imodzi yosweka, ina nkuilandila, mpaka mbali yonseyo inaimilila. Azimai ena ankatchula maina a ana awo mokweza. Dainess anaima pambali pa mtondo wake, thukuta likutsika, ndipo anamva msana wake utaongoka kuposa masiku onse. Pansi pa chisakasa ena anaomba m'manja, ena anayang'anana.

Sabata lotsatila a Chibwe anamuitanitsa ku ofesi ya chipani, kachipinda ka kuseli kwa sitolo. A Stanislaus sanaitanidwe, koma anavala jekete lawo natsagana naye, nakaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Amai Miti, mwandichititsa manyazi pamaso pa alendo," anatelo a Chibwe. "Tsiku la chimwemwe inu mwabweletsa malilo. Ndiye mau akuti chipatala chili kutali, mumatanthauza kuti boma silikugwila nchito?"

"Ndimatanthauza kuti chinali kutali. Ndinayenda ndine."

"Nanga akuti Zambia usadwale? Dziko likudwala chiyani?"

"Mai aliyense amatelo kwa mwana amene amamukonda. Ine dziko lino ndinaliphikila nsima lisanabadwe, a Chibwe, khadi lili m'denga. Sindinalinyoze. Ndinalitenga ngati mwana wa m'nyumba mwanga, ndipo wa m'nyumba sumubisila malilo."

"Mungapepese pamsonkhano wa nthambi, nkhani ithe."

"Ndikapepesa ndiye kuti ndikuti Josiah sanafe. Zimenezo sindinganene."

A Chibwe anatembenukila kwa a Stanislaus. "A Daka, simungawalangize akazi anu?"

"Ndinali pabwalo paja," anatelo a Stanislaus. "Sindinamve bodza."

A Chibwe anamulanda khadi. Masiku amenewo wopanda khadi sankaloledwa kugulitsa pamsika, choncho nsawa za chaka chimenecho anakamugulitsila ndi Ennie. Kumisonkhano ya chipani sanamuitanenso kuti akaimbe. Amai Imasiku nawonso anadzudzulidwa, ndipo pasanapite nthawi yaitali anasamutsidwila kusukulu ina kupitilila Nyimba, mwakuti mabwenzi awiliwo anayamba kuonana mwa apo ndi apo. Chimenechi ndicho chinamuwawa Dainess kuposa khadi. Chaka chotsatila makhadi atsopano atabwela, anamupatsa lake ngati palibe chinachitika.

Koma nyimbo ija inayenda. Akazi ankaiimba m'minda ya thonje, ogulitsa nthochi ku Nyimba ankaiimba podikila mabasi. Chigayo chitafika m'delalo mitondo inayamba kukhala chete, koma Dainess anali atapeza kale bwalo lina. Anthu ankatumiza njinga kudzamutenga kukakhala malilo, ena ochokela kutali ngati ku Mwape. Kumeneko sankatamanda wakufayo, pakuti sankamudziwa. Ankakhala pakati pa azimai ofedwa naimba za Josiah, za supuni, za mtsinje, ndipo wofedwa amene sanagwetse msozi chifikile uthenga ankayamba kulila, mwinanso kulankhula. Ena sankamufuna. Ankati amatokosa zilonda, ndipo analipo mabanja amene ankatumiza mau akuti asabwele. Iye sankakakamila.

Mu 1983 a Stanislaus anagonja ndi chifuwa chimene anabwela nacho kumigodi. Masana ena, imfa ili pafupi, atatsamila khoma padzuwa, anamuitana.

"Anyina Josiah, za ine ndakulolezani. Zonse, ngakhale zoipa."

Pamalilo awo anthu anadza ochuluka, ambili akuyembekeza kumva chimene Dainess adzaimbile mwamuna wake. Sanaimbe. Anatsegula pakamwa, koma munalibe kanthu. Anakhala chete pamalilo, anakhala chete pometa, ndipo chilimwe chonse anakana kupita kumalilo a ena. Iye mwini anaganiza kuti nyimbo zamuthela. Mvula yoyamba itagwa anatulutsa ng'ombe kuti alime, koma ng'ombezo zinangoima m'goli, zikuyang'ana kunjila. Anazikalipila, anazimenya, osasuntha. Zinazolowela likhwelu la mwini wake. Dainess anakhala pansi m'matope, ndipo nyimbo inabwela pomwepo.

Ng'ombe zanu zakana mau anga,
zikudikila likhwelu lanu.
Munali wosalankhula, awisi Josiah,
nanga bwanji nyumba yachita zii chonchi?

Mnansi wina anabwela kudzamugwilila pulawo, ndipo munda unalimidwa.

Mildred anakula, anaphunzila kutaipa, napeza nchito ku Lusaka. Ankabwela pa Khilisimasi ndi shuga ndi sopo, zinthu zimene zinkasowa m'masitolo masiku amenewo. Mu 1989 anatsika basi atavala juzi pakati pa Okutobala, mwana wake wamkazi Christabel ali pambuyo. Dainess anamuzindikila ndi kayendedwe kokha. Mwamuna wa Mildred anali atamwalila kale ku Lusaka, ndipo Mildred mwini sanabise za matenda ake. Anauza amai ake kuti madokotala anamupeza ndi Edzi, matenda amene anthu ankangowanong'ona kuti kaliondeonde.

Abale anabwela kudzalangiza kuti anthu akafunsa azinena kuti ndi chifuwa chachikulu, kapena kuti anamulodza kunchito. Dainess anaisiyila Mildred nkhaniyo, pakuti sinali yake yekha. Anamusambitsa mwana wake, anamuphikila phala la nsawa, namutulutsa panja m'mawa ulionse kuti aothele dzuwa pamene odutsa ankamuona.

Tsiku lina akumupesa tsitsi lotsalalo, Mildred analankhula osatembenuka.

"Amama, mukudziwa kuti ine ndinakulila kumbuyo kwa mwana wakufa? Kulikonse ndinkapita ankati ndi mlongo wake wa Josiah uyu. Inu anyina Josiah, atata awisi Josiah. M'nyimbo zanu ine ndinali mkaka wa m'bele ndi dzina la pothela."

Chipeso chinaima m'manja mwa Dainess. Anafuna kudziteteza, koma anaona kuti mwanayo akunena zoona.

"Sindinadziwe kuti zinkakupweteka."

"Sindikukuimbani mlandu. Ku Lusaka ndinkanyada anthu akamaimba nyimbo zanu osadziwa kuti ndinu amai anga. Koma musadikile kuti ndife. Ndiimbeni ndikumva."

Dainess anali asanapekepo nyimbo ya munthu wamoyo amene waipempha yekha. Zinamutengela nthawi. Nyimboyo itabwela, inali yaitali kuposa zonse. Inanena za kamtsikana kokana kuvala nsapato, kamene kanaluma mphunzitsi chala, kamene kanabwela ndi wailesi yoyamba m'mudzi. Inanenanso kuti mai wake ankayang'ana kumanda pamene kamtsikanako kankamukoka chitenje. Mildred anamvetsela atatsinzina, naseka pa za chala cha mphunzitsi, nakonza dzina la sukulu limene amai ake analakwitsa.

"Tsiku la malilo mudzaonjezepo dzina la matendawa," anatelo. "Sindikufuna Christabel akule akusaka mfiti."

"Abale adzakwiya."

"Inu munayamba liti kuopa zimenezo?"

Mildred anamwalila mvula ikutha, m'chaka cha 1990. Kumanda, katekisiti atamaliza mapemphelo, Dainess anaimilila. Akazi sankalankhula kumanda, koma panalibe anamuletsa. Anaimba nyimbo yonse ija, ndipo pothela anaonjeza mau amene analonjeza.

Sanalodzedwe mwana wanga,
musaloze chala nyumba ya munthu.
Edzi ndiyo yanditengela Mildred,
ndaitchula ine amake, masana, pamaso panu.

Amalume ena a malemuyo anachoka osadikila chakudya, ndipo mmodzi sanalankhule nayenso Dainess mpaka imfa yake. Kwa kanthawi akazi ena ankapewa kumwela m'chikho cha pakhomo pake. Ennie ankabwela tsiku ndi tsiku, namamwela dala m'chikho chomwecho anthu akuona. Amai Imasiku, amene anali atapuma nchito, anamva mochedwa, nabwela kudzakhala naye mpaka nsawa zitakumbidwa.

Kenako anthu anayamba kufika mmodzimmodzi, ngati odzapempha moto. Ankakhala pakhonde, nakamba za mvula ndi za fetelaiza, ndipo pomaliza ankanena kuti nawonso ali ndi wodwala m'nyumba amene anachokela ku tauni. Dainess sankawaimbila. Ankawauza mmene ankamusambitsila Mildred, ndi phala limene linkakhazikika m'mimba.

Mu 1991, zipani zambili zitaloledwanso, a mbali zonse anabwela kudzamupempha kuti akaimbe pamisonkhano yawo. Ena anamukumbutsa za khadi lolandidwa lija, akuti ino ndi nthawi yobwezela. Anawapatsa madzi akumwa nawauza kuti alibe nyimbo ya zimenezo.

M'mawa wa tsiku limene lole ya kampeni inadutsa ikuliza nyimbo, Dainess anali panjila yopita kumudzi wa tsidya la dambo, atasenza kamphika ka phala. Mai wina wa kumeneko anali atamuuza kuti mwana wake Morgan, amene anali dalaivala wa malole, anamutsekela m'nyumba chibwelele, poopa maso a anthu. Dainess analowa, nakhala pansi pafupi ndi mphasa mpaka maso ake atazolowela mdima. Anamufunsa mnyamatayo ngati akufuna kuona kunja. Iye anagwedeza mutu kuvomela.

Azimai awiliwo anamugwila uku ndi uku namukhazika pakhonde. Morgan anaphimba maso ndi dzanja chifukwa cha kuwala. Anthu odutsa anachepetsa liwilo, ndipo Dainess anawapatsa moni mmodzimmodzi, powatchula maina, mpaka bambo wina anapatuka nadzagwila mnyamatayo chanza. Bamboyo atachoka, Morgan anati phalalo likununkhila bwino, ndipo anafunsa ngati muli shuga.